Jenereta ndi Noti Yapamwamba

Alamu anga amakonza njinga zamoto, ndipo anzawo pagalaja amawatcha Jenereta. Dzinalo silinachokere ku ntchito ayi, linachokera ku mawu. Akati "mwadzuka bwanji", umayamba kuwamva m'mimba khutu lisanamve. Ku kwaya aimba besi kuyambira unyamata wawo, ndipo ankadzitama kuti iwo ndiwo maziko, ena onse ndi denga chabe.

Mkazi wawo, amene ndi mkulu wanga, ndiye ankaphunzitsa kwayayo. Asisi ndi munthu wabwino, koma khutu lawo lilibe chisoni. Wina akaperewera pang'ono pa noti, ankaimitsa nyimbo, n'kukweza chala, n'kunena liwu limodzi lokha: "Mwatsika." Ine anandiuza liwu limeneli mpaka ndinathawako ndekha. Sindiwaimba mlandu, mawu anga ndi a chitseko chosowa mafuta. M'mawa uliwonse akusesa, asisi ankakonza mawu awo: kunjenjemeretsa milomo, kung'ung'udza, kukwera n'kutsika. Alamu ankawaseka kuti, "Mayi, kodi injini yakana kulira? Bwerani nayo kugalaja."

Kenako inabwera sitiroko. Asisi anagwa kubafa, dzanja lamanja linafa, pakamwa panapotoka, mawu onse anathawa. Ndinasamukira kwawoko kuti ndikathandize. Kuchipatala, mayi wophunzitsa odwala kulankhula anatiuza kuti ena amene mawu awatsekekera amayambiranso pa nyimbo. Anati tiziwaimbira zomwe amakonda, ndipo tisachedwe, chifukwa munthu akazolowera kukhala chete, kumubweza kumavuta.

Amayi a kwaya anabwera kudzaimba. Asisi anatembenukira kukhoma, misozi ili mbwembwembwe. Sankafuna kuonedwa ali choncho ndi anthu omwe ankawaphunzitsa, ndiye tinawapepesa amayiwo kuti adikire kaye. Ine kuti ndiimbe, kukanakhala kuwonjezera matenda. Amene anatsala ndi alamu basi.

Tsono besi payokha ilibe nyimbo, imangoti bomu, bomu. Alamu anatenga mzere wa asopulano wa nyimbo yomwe asisi amaikonda kwambiri, n'kuuimba ndi mawu awo apansi aja. Asisi anangoyang'ana kudenga. Koma atafika pomwe nyimboyo imakwera, chala cha dzanja lamanzere chinadzuka pabulangete, n'kuloza m'mwamba.

Titatuluka, alamu anandigwira mkono. "Mlamu, mwachiona chala chija? Akufuna ikwere."

"Ndiye mukwera ndi makwerero?" ndinawafunsa. "Munaonapo jenereta ikulira ngati mluzu?"

Tsiku lomwelo anayamba kuyeserera kukweza mawu, ndipo anayamba molakwika, ngati munthu womasula nati yochita dzimbiri. Chibwano m'mwamba, mitsempha ya m'khosi itatukuka, akukuwa. Posakhalitsa mawu anasasa, mpaka ankalankhula ndi makasitomala pogwiritsa ntchito manja. Ndinawamvera chisoni, koma kuseka sindinaleke.

Mawu atabwerera, anachita chinthu chomwe sindinkachiyembekezera kwa mwamuna wonyada ngati iwo. Anayamba kukumbukira, chimodzichimodzi, zonse zimene ankaseka mkazi wawo. Ankayamba ndi madzi ofunda. Kenako milomo, brrrr, kuyambira pansi n'kukwera pang'onopang'ono, n'kutsikanso. Ankayasamula dala kuti kukhosi kutseguke, dzanja lili pamimba kuti mpweya uzichokera pansi osati m'mapewa. Anapeza kapaipi komwera zakumwa, n'kumaimbira m'botolo la madzi, thovu lili bwatabwata. Pagalasi la njinga ankadziyang'ana kuti chibwano chisadzuke. Kukhosi kukangoyamba kuyabwa, ankasiya mpaka mawa.

"Akulu anu ankati noti yapamwamba saithamangitsa," anandiuza. "Amainyengerera ngati nkhuku yolowetsa m'khola."

Zonsezi ankachitira kugalaja kuti asisi asamve, ndiye tangoganizani. Bambo wamkulu, ovolosi yoda bii ndi oyilo, sipanala kumanja, akulira "uuuu" ngati ambulansi. Mayi wogulitsa zipatso patsidya pa msewu ankafunsa ngati tiitane adokotala. Anzawo anasintha dzina, akuti Jenereta yasanduka ketulo. Alamu ankangoti, "Mbewa ya manyazi inafera kuuna," n'kupitiriza. Ine amene ndinali patsogolo kuwanyoza, ndinayamba kuwapititsira madzi ofunda m'fulasiki. Ndinene zoona, ndinali ndisanaonepo chikondi chovala zoseketsa chonchi, ndipo chinandichititsa manyazi.

Panapita miyezi. M'mutu mwa alamu munatuluka timawu tina toonda, tonjenjemera, tosiyana ndi mwiniwake. Poyamba tinkathyoka pakati, pamene mawu a pachifuwa amasinthira ku a m'mutu. Iwo ankati pamenepo ndi posinthira giya, ukathamanga injini imazima. Ankabwerera pomwepo tsiku ndi tsiku, mwakachetechete, mpaka posinthirapo panasalala. Asisi nawo anali atayamba kuyenda ndi ndodo, koma pakamwa panali zii. Mayi wa kuchipatala uja anayamba kutiphunzitsa zolankhulana ndi manja, ndipo tonse tinadziwa tanthauzo lake.

Loweruka lina masana, alamu anasamba, n'kuvala malaya oyera, n'kuima kumiyendo kwa bedi. Anaimba nyimbo ija. Atafika pokwera paja, anakwera bwinobwino, noti inatuluka yoyera ngati si iwo. Ine tsitsi linandiima. Asisi anatsinzina, n'kumwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa, n'kugwedeza mutu. Basi. Liwu ngakhale limodzi ayi.

Ndinawapeza alamu atakhala pakhonde, mutu uli m'manja.

"Mwaimba bwino, alamu," ndinatero.

"Vuto lake ndi limenelo," anayankha. Kenako anandiyang'ana. "Mlamu, kuyambira muli ana, munawamvapo akulu anuwa akuyamikira munthu ndi pakamwa?"

Ndinaganiza, ndipo sindinapeze tsiku lotero.

Mawa lake anaimanso pomwe paja. Anayamba bwino, anadutsa posinthira giya bwino. Atafika pa noti ija, anaima pansi pake pang'ono, pang'ono zedi, moti ine ndi khutu langali sindikanadziwa ndikanapanda kuona nkhope ya asisi. Anaigwira pomwepo osaisiya. Nkhope ya asisi inachita tsinya. Chala chinadzuka, alamu anayang'ana kumbali ngati sakuchiona. Chala chinagwedezeka mwaukali, iwo ali gwa pa noti yawo yolakwikayo, mpweya ukutha, maso atafiira. Milomo ya asisi inayamba kulimbana.

"Mwa... mwa... mwatsika."

Kapu yomwe ndinanyamula inagwa. Alamu sanalire pomwepo, kulira analirira kubafa pambuyo pake. Anangopukuta thukuta, n'kuwerama pang'ono ngati mwana wa sukulu.

"Pepani, mayi," anatero. "Ndiye mundionetse pomwe ili."

Asisi anawayang'ana ndi diso lija lomwe linandithamangitsa ku kwaya. Kenako anakoka mpweya kuchokera pamimba.