A Chingwe ndi mizere ya chikhomo chofiira

Mwezi wathawu tinaika m'manda a Chingwe, aja ankatsegula chitseko cha tchalitchi chathu ndi kusesa tonse tisanafike. Dzina limeneli si la makolo ayi. Anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, poti m'thumba mwawo simunkasowa chingwe choyezera mizere. Ngakhale Lamulungu, akapisa m'thumba kufuna mpango, choyamba kutuluka chinali chingwe.

Anabadwa m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo anamwalira iwo ali m'kalasi yachiwiri, sukulu n'kuthera pomwepo. Kuwerenga anaphunzirira pa buku la nyimbo la mayi awo, kulondola ndi chala. Njala anaidziwa ali mwana, osati yochita kumva. Chaka china chimanga cha mayi awo chinangofika m'mawondo n'kuchita chikasu, ndipo mng'ono wawo wotsiriza sanaione mvula yotsatira. Nkhani imeneyi sankakonda kuikamba.

Atakula analembedwa ntchito ku munda wa kafukufuku, kumene anthu ophunzira amayesa mbewu zatsopano asanazipereke kwa alimi. Yawo inali kukoka chingwe, kukhoma zikhomo za manambala, kubzala, kupalira, ndi kukolola ndime iliyonse m'thumba lakelake mpaka ikakwere pa sikelo. Anakwatira, Mulungu n'kuwapatsa ana anayi, ndipo ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri ya pantchito pompo.

Chaka china kunabwera mayi wophunzira kwambiri, a dokotala a za mbewu. A Chingwe ankaseka kuti dokotala wanji wosabaya jakisoni. Mayiwa ankayesa chimanga chatsopano. Ndime zina anathira feteleza, zina manyowa, koma kumapeto kunali mizere inayi ya chikhomo chofiira. Kapitawo anangoti pamenepo pasathiridwe kanthu. Chifukwa chake sananene, nawonso a Chingwe sanafunse.

Mvula inagwa bwino. Ndime zonse zinabiriwira, koma mizere inayi ija inayamba chikasu, yonyozoloka ngati chimanga cha mayi awo chija. M'mawa uliwonse akadutsapo mtima unkawawa. Loweruka lina masana, anzawo ataweruka, anatenga ndowa, kukatapa manyowa ku khola la mbuzi, n'kukwirira mzere ndi mzere bwinobwino kuti pasaoneke. Anapita kunyumba akuimba, mumtima akuti adyetsa wanjala.

Chimanga chija chinadzuka. Tsiku lokolola, thumba la chikhomo chofiira linalemera pafupifupi ngati la feteleza. A dokotala anayeza kawiri, n'kuitana antchito onse nkhope ili mwee. Anafotokoza kuti mizere imeneyi amaisiya dala kuti ikhale mboni, ionetse mmene mbewu ingachitire kwa mlimi wopanda chilichonse. Ndiye poti yabereka chonchi, alemba kuti mbewu iyi ndi ya osauka, imacha ngakhale pa dothi loguga. Anthu anawomba m'manja. A Chingwe sanawombe nawo.

Kunyumba chakudya anangochiyang'ana. Akazi awo atawapanikiza, anaulula zonse.

"Abambo, mukakanena zimenezi, nyumba ino tituluka," anatero mayiwo. "Ana awa tilowera nawo kuti? Ndani anakuonani?"

"Palibe anandiona, amayi. Koma ndikakhala chete, wamasiye wina adzabzala mbewu iyi pa dothi lotha, kukhulupirira pepala. Ana ake adzadya pepalalo?"

Anagwada onse awiri kupemphera, ndipo mmawa mwake a Chingwe anapeza malaya awo oyera aja atasitidwa, ali pa mpando.

Analowa mu ofesi chipewa chili m'manja, n'kunena zonse, ndowa zingati, tsiku liti, khola liti. Kapitawo anati munthu wotere achoke lero lomwe, asamuke dzuwa lisanalowe. A dokotala anayang'ana mapepala awo, kenako n'kuyang'ana a Chingwe.

"Mwandiphera chaka chathunthu, bambo."

"Ndalakwa, mayi."

"Koma mukanakhala chete mukanaphetsa anthu, dzina lolembedwa pansi lili langa."

A dokotala anauza kapitawo kuti nawonso ophunzira analakwa, kulamula munthu osamuuza chifukwa. Chilango chinali chakuti kuyambira tsiku limenelo mizere ya chikhomo chofiira aziisunga ndi a Chingwe. Chaka chotsatira anaiyang'ana ikuchita chikasu mpaka kukolola, ndowa osaigwira. Inatulutsa tizitsononkho, ndipo mbewu ija sinapite kwa alimi. Panadutsa zaka zinayi kuti ipezeke ina yopirira zenizeni.

Anzawo sanawasiye. Ankawatcha abusa amene anabatiza chimanga ndi zitosi za mbuzi, ndipo akangogwira ndowa wina ankati bisani zikhomo, abusa ayamba mapemphero. Iwo ankaseka nawo limodzi, n'kumati tchimo loulula silinunkha ngati lokwirira.

Zaka makumi atatu anasunga mizere imeneyi. M'mawa ankavula chipewa pamenepo, kupempherera alimi amene sankawadziwa n'komwe. Alimi akabwera kudzaona munda n'kufunsa kuti nanga apa mwalekereranji, ankayankha kuti, "Iyi ikugona ndi njala kuti ana anu asagone nayo." Wantchito watsopano aliyense ankamutengera pa chikhomo chija tsiku loyamba, n'kumuuza za ndowa ija, osadzibisa.

Atapuma pa ntchito, akazi awo anatsogola. Maso nawo anayamba kuchita mdima, koma kiyi wa tchalitchi sanamubweze, ankapeza loko ndi zala. Odwala ankawayendera ndi ndodo, ndipo wosowa mbewu akafika pakhomo sankabwerera chimanjamanja.

Anamwalira m'mawa, ali pa mpando pakhonde, mwana wawo wamkazi atangowawerengera Salimo. Anafunsa ngati mitambo yayamba, atamva kuti inde, anati zili bwino, n'kutsamira.

Pa maliro panabwera gogo wina wa imvi, woyenda ndi ndodo. Anali a dokotala aja. Anapempha kuyankhula, ndipo sanatalikitse. Anati chimanga chimene ambiri a ife timabzala lero chinadutsa pa sikelo ya bambo awa, ndipo kuyambira chaka chija nambala iliyonse imene iwo anabweretsa, sankaiyezanso kawiri.

M'thumba la jekete yawo munapezeka chingwe chija, chakuda ndi dothi, mfundo zili mbwee. Mwana wawo sanalole kuti chipite m'bokosi. Mvula itagwa sabata yathayi tinamuona akuchikoka m'munda wa bambo ake, mizere ili yowongoka ngati ya kale ija. Ambuye awalandire a Chingwe, munthu wa sikelo yoona.