Kabotolo ka Madokotala

Ndivomere, ndinanamizapo madokotala. Ndili mphunzitsi ku Champhira, masiku a makhadi a chipani, kunabwera ofufuza matenda a chiwindi. Aliyense anampatsa kabotolo kolembedwa dzina lake, akuti tiikemo chimbudzi. Ine ndinapsa mtima. Boma likufunanji m'mimba mwanga? Nthawi imeneyo dzina likalembedwa penapake, mwini wake ankatha kusowa. Kumanja kwa mimbaku kunkandipweteka ndithu, komabe ndinapita kukhola, n'kutola ndowe za mbuzi, kuzisinja bwinobwino, n'kukapereka.

Patatha masiku atatu, a Jere, othandiza madokotalawo, anandiitanira pambali, n'kuyamba ndi kundithokoza m'Chitumbuka.

"Yewo chomene, aphunzitsi. Mbuzi yanu ili bwino, udzu ikudya wokwanira. Nanga eni ake tiwayeza liti?"

Kabotolo kachiwiri ndinakalandira ndi manja awiri.