Chambo changa achiyesa chilombo

Mwaswera bwanji nonse. Imvani zandionekera lero pabwalo la mpira ku Senga Bay.

Paja ndinakuuzani kuti ndikusokera timu yathu ya mpira wamanja chidole chovala munthu, ngati zija timaona pa TV kumipikisano ya dziko lonse. Anzathuwo anayamba kalekale, ena mkango, ena galu, ena mpaka lalanje lamiyendo. Ine ndinasoka chambo, ndi masaka a mpunga a ku Lifuwu ndi siponji ya matiresi akale.

Ndiye amuna anga, bambo a Tadala, anachivala n'kulowa m'bwalo akuvina. Abale inu, anthu anabalalika! Amayi ogulitsa mandasi anasiya mabeseni akukuwa kuti, "Chilombo! Gule watuluka!" Osewera athu omwe anathawa. Bambo a Tadala m'katimo samaona bwino, amangovinabe okhaokha m'bwalo lopanda munthu.

Atavula, kunabwera bambo wina wachikulire wa kudambwe. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Mayi, kuno chobisa nkhope chili ndi eni ake."

Ndawamva, ndipo ndapepesa. Koma chambo changa sindichitaya, ndachisoka milungu itatu. Mawa ndikuboola pakamwa pakepo kuti nkhope izioneka, aliyense adziwe kuti ndi munthu. Loweruka pa fainolo chivinanso basi.

Amalume, inu munalowa gule, tandiuzeni: nkhope ikamaoneka, mlandu ulipobe?

Bambo a Tadala ayamba kale kukana, ati bola kuthawidwa kusiyana n'kuti Senga Bay yonse iwaone atamezedwa ndi nsomba. Koma Loweruka avala.