Mchenga wa M'maso mwa Amayi

Mphepo ya ku Tsangano ili ndi liwu lake. Juni akafika, inkalira m'mitengo ya paini kuseri kwa nyumba yathu ngati munthu akupeta, ndipo inkabwera ndi fungo la dothi lokumbidwa kumene m'minda ya kachewere. Mpaka lero ndikamva fungo limenelo ndimaona amayi anga, aNadzimbiri, atakhala pakhonde, maso ali psuu, akuphethira pafupipafupi.

Ndinali mu Sitandade 3, mtsikana wa mafunso osatha, moti amayi ankati tsiku lina ndidzaimitsa maliro panjira kuti ndifunse kumene akupita. Bambo anali ku migodi ku Joni, choncho panyumba tinalipo awiriwiri. Chaka chimenecho amayi anayamba kudandaula kuti m'maso mwawo muli mchenga, ine n'kukhulupirira ndi mtima wonse. Kwathu chitsotso chikagwera m'diso, mnzako amakukanula chikope n'kuuziramo mwamphamvu, basi chatuluka. Ndiye m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkawakhazika pamphasa, kuwakanula zikope, n'kuuzira mpaka kumva chizungulire. Ndinkafunitsitsa kuuona mchengawo, kuti ndi woyera ngati wa kumtsinje kapena wofiira ngati wa pamsewu.

Mchenga sunatuluke, koma ndinapeza zina. M'mphepete mwa zikope munali motupa, muli tinkhanambo touma, ndipo m'diso munkayenda timitsempha tofiira ngati ulusi. Kachithupsa kankati kakaphwa pachikope ichi, kena kamera pa chinacho. Chodabwitsa kwambiri chinali masaya. Amayi anali akuda bii, khungu losalala ukaliona patali, koma ukaligwira linkatentha ngati mwala wokhala padzuwa, ndipo zala zinkamva tiziphuphu tokhala ngati njere za mawere. Palibe wina ankadziwa zimenezi, chifukwa ndani amagwira tsaya la munthu wamkulu?

Ndinayamba kuwalonda ngati mphaka. Ndinaona kuti akamwa tiyi wotentha kwambiri, masaya aja ankayaka ndipo misozi inkatsika. Akadya ndiwo zothira tsabola, chimodzimodzi. Utsi wa m'khitchini, dzuwa la masana ndi mphepo ya kumunda zinali adani awo. Anzawo sanasowe nzeru: wina woyamwitsa anawadonthezera mkaka m'diso, wina anati madzi a mchere, ndipo kuchipatala cha mishoni anawapatsa kachubu ka mankhwala opaka, kamene kanatha matenda ali pompo. Chinkawathandizako chinali kansalu koviika m'madzi ofunda, kamene ankaika pamaso n'kupuma mozama.

Nyengo yomweyo amalume anga a Yohane, mlongo wawo wa amayi, amene ankaphunzitsa pasukulu ina, anatengedwa pa galimoto ya boma ndipo sanabwerenso kunyumba. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu akatengedwa chotero, abale ake sankalira, sankafunsa, ngakhale dzina lake sankalitchula. Ine ndinafunsa kamodzi kokha, amayi n'kunditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha anyezi.

Kenaka kunabwera uthenga woti amayi onse akonzekere gule wa chikondwerero cha mu Julayi. Madzulo aliwonse ankasonkhana pabwalo la sukulu, atavala nsalu za chipani, ng'oma zikulira, fumbi lili koboo. Ankatsogolera anali aNankhoma, atcheya a amayi a chipani, munthu wamtali wa wezulo m'khosi, amene akakuyang'ana unkakumbukira zolakwa zako zonse. Amayi anga ankavina bwino ndipo anali pamzere wakutsogolo. Koma fumbi ndi mphepo zikawapeza, misozi inkangoti mbwembwembwe, iwo akuimba nyimbo zotamanda. Sipanapite nthawi, kuchitsime kunayamba manong'onong'o akuti aNadzimbiri akulirira mlongo wawo pagule wa boma.

Tsiku lina masana aNankhoma anatulukira pakhomo pathu. Amayi anali akusankha kachewere wa mbewu, ine ndikuwathandiza. ANankhoma anakana mpando.

"ANadzimbiri, ine sindibisa mawu," anatero. "Mawa kukubwera akuluakulu ochokera kuboma kudzaona gule. Akakuonani mukulira pamzere woyamba, ndidzati chiyani? Mukafuna kuwatsatira alongo anuwo nenani, koma ine musanditengereko."

Amayi anawerama, kachewere n'kuwapulumuka m'manja. Apo ndinachita mantha enieni, chifukwa ndinamva kuti galimoto ija ikhoza kubweranso, ndipo ulendo uno idzaima pakhomo pathu. Koma mantha aja sanapose kuyabwa kwa pakamwa panga.

"Sakulira ayi, muli mchenga!" ndinatero. "Ine ndimauziramo tsiku lililonse koma sukutuluka. Tagwirani apa mumve."

Ndinagwira dzanja la atcheya, chinthu choti ngakhale amuna a ndevu sakanayerekeza, n'kuliika patsaya la amayi. ANankhoma anadzidzimuka. "Mayo ine, moto umenewu!" Anasisita tiziphuphu tija ndi chala, kenaka uchipani wonse unawathera, anasanduka mayi wa pamudzi. Anagwada, kukanula chikope cha amayi, kusuzumira, mpaka anauziramo okha kawiri. Ataona kutupa kuja ndi tinkhanambo, anabwerera m'mbuyo akupukuta dzanja pansalu yawo mwamphamvu.

"Iyi ndi nthenda ya maso yoopsa," anagamula. "Musayandikirenso kubwalo, mungatipatsire gulu lonse, tikafike pamaso pa akuluakulu tili ofiira maso ngati anthu a kachasu. Ndikawauza ndekha kuti mukudwala."

Ine ndinaona kuti apa pali cholakwika, ndipo zolakwika sindinkazilekerera. "Komatu siyopatsirana, ine ndakhala ndiku..." Sindinamalize. Amayi ananditsina pantchafu mwakuti chipsera chake ndinayenda nacho mpaka sukulu kutsekera. ANankhoma anandiyang'ana, n'kuyang'ana amayi kwa kanthawi, kenaka anatembenuka n'kumapita, wezulo ikugunda pachifuwa. Mpaka pano sindidziwa ngati sanandimve kapena anasankha kusamva.

Mawa lake ng'oma zinayamba dzuwa lili pamutu. Mudzi wonse unapita kubwalo, ife tinatsala pakhonde. Kunali bata lachilendo, mitengo ya paini ili duu, nkhuku zikufukula pansi pa nkhokwe. Amayi anakhala chotsamira khoma, kansalu kofunda kali m'manja, ndipo misozi inkatsika yambiri kuposa masiku onse, mpaka mapewa ankagwedezeka. Ndinadabwa kwabasi. Tsikulo sanamwe tiyi, sanadye tsabola, sanalowe mu utsi, ndipo mphepo kunalibe. Ndinawagwira tsaya, ndinapeza lili lozizira.

"Nanga lero chautsa n'chiyani?" ndinafunsa.

"Ndi mchenga womwewo, mwanangu," anatero, n'kundikokera pamiyendo pawo.

Patapita zaka zambiri, amayi atamwalira kale, maso anga nawo anayamba kuthwethwa ndi kufiira. Dokotala wa ku Lilongwe anandiyang'ana zikope, n'kundigwira masaya monga ndinkachitira ine kale, ndipo anati matendawa amatchedwa rozesha. Anafotokoza kuti kwa anthu oyera khungu nkhope imafiira aliyense n'kuona, koma pakhungu ngati lathu kufiirako kumabisala, moti nthawi zina maso ndi amene amayamba kuulula. Anatinso si opatsirana. Ndinaseka ndekha, ndikusisita pantchafu.

Ndili mwana ndinkanyadira kuti adani onse a maso a amayi ndinkawadziwa, ndipo tsiku la ng'oma lija linkandisautsa ngati samu imene yakana kutuluka. Lero ndikudziwa kuti matenda aja anali enieni, ndipo misozi ya pabwalo inalidi ya fumbi. Koma amalume sitinawaonenso, maliro awo sanachitike, ndipo masana aja pakhonde ndi pokhapo pamene amayi anapeza mpata wolira mlongo wawo mudzi wonse utavomereza kuti akudwala maso.