Kalata Yabodza Yopita ku Mtendere

Tinanyamuka ku komboni yathu ya George Loweruka, sikisi koloko isanakwane, ine ndi agogo anga aamuna, a Chirwa. Anavala jekete yakutchalitchi ndi mamendulo atatu a nkhondo ya ku Burma. M'thumba lapamtima munali envelopu ya khaki, kalata yoitana mkulu wanga Dalitso kuusilikali. Kalatayo ndinalemba ndine.

Musandiweruze msanga. Masiku amenewo ndege za ku Rhodesia zinkabwera kudzaponya mabomba, ndipo womaliza Fomu Faifi aliyense ankapita kukaphunzira mfuti. Dalitso anali adakali Fomu Folo, koma anatitopetsa m'makutu kuti iye ndege adzaigwetsa ndi chipolopolo chimodzi. Ndiye ndinabwereka taipi yakusukulu mlembi ali kutiyi, chidindo n'kupanga ndi ndalama ya 20 ngwee yopaka inki. Ngwazi yathu itawerenga inapita kuchimbudzi katatu.

Atate, omwe anagenda miyala masiku omenyera ufulu, anakondwa. "Apite! Kuja Mubemba, Mulozi, Mutonga amadyera mbale imodzi. Ndiye kumanga dziko kumeneko." Agogo sanatsutse. Anangoti apita ku Mtendere kwa mnzawo wakunkhondo, ba Mulenga, amene mwana wawo Chanda anali kaputeni, kukapempha kuti mnyamatayo ayambe wamaliza sukulu. Ine ananditenga kuti ndiziwawerengera Chingerezi. Kaputeni akanangoiona kalatayo akanaizindikira, ndipo kupeka kalata ya boma nthawi ya nkhondo si mlandu wa chikwapu chabe. Ndinayenera kuulula tisanafike.

Mpaka ku Matero tinayenda wapansi, chifukwa basi ya ku George inali nkhani yongomva. Pamenepo tinakwera kaminibasi kopita m'tauni, 15 ngwee aliyense. Kondakitala anayang'ana pachifuwa pa agogo.

"Ba madala, mamendulo salipila basi."

"Ndikudziwa, mwanawe. Sanandilipirirepo kanthu chibwerere."

Mayi wina wa dengu la tomato pamiyendo analowerera. "Koma imwe nkhondo yanu inali ya mfumu ya bazungu. Iyi ya manje ni yathu. Mwana wanga ali kuja, sinichita manyazi."

"Manyazi ayi, amayi," anatero agogo. "Koma chipolopolo sichifunsa kuti nkhondo ndi ya yani."

Ndinaona mpata. "Agogo, kalata ija..."

"Usadandaule iwe. Mkulu wako sapita." Anandisisita pabondo, kuulula n'kulephereka.

M'tauni tinafika cha m'ma eiti, tinapeza mzere wa sopo wazungulira sitolo ngati njoka. Agogo anagula zitumbuwa zisanu ndi botolo la munkhoyo, tinamwa theka aliyense. Basi ya ku Mtendere inadutsa itadzaza mpaka pakhomo, choncho tinakwera kumbuyo kwa kavaneti, 20 ngwee, pamodzi ndi matumba a makala.

Tisanafike ku Kalingalinga tinaima pa migolo ya asilikali yotchinga msewu. Amene anabwera kudzaona zitupa anali mnyamata woonda, ziphuphu kumaso, nsapato zomukulira. Ndinadziwa kuti akangoti tulutsani zam'matumba, ndatha. Koma ataona mamendulo anawongoka n'kumenya sawatcha.

"Kwanu ndi kuti?" anafunsa agogo.

"Ku Mongu, ba shikulu," anatero, kuwatchula agogo m'Chibemba.

"Wadya?"

Mnyamatayo anangoyang'ana bwana wake pamigolo paja. Agogo anamukankhira m'thumba zitumbuwa zitatu zotsala, kuphatikizapo changa.

Galimoto inanyamuka. Kenako agogo anati, "Ku Burma wondibereka kumsana nditalasidwa anali Mulenga, ndisakumva ndi liwu limodzi la Chibemba. Za mbale imodzi atate wako sakunama. Chimene sanaone n'chakuti madzulo aliwonse manja a m'mbaleyo amachepa."

 Munthu ungayambe bwanji nkhani ya 20 ngwee yopaka inki?

Ku Mtendere tinatsika hafu teni, n'kulowa m'tinjira tafumbi. Ba Mulenga tinawapeza pakhomo akumata chubu cha njinga, munthu wamtali wa imvi. Atationa anamwetulira. Kenako anaona jekete, mamendulo, ndi dzanja la agogo likutulutsa envelopu ya khaki. Chubu chinagwera m'beseni.

"Chirwa," anatero motsitsa. "Ni Chanda?"

Ife sitinkadziwa kuti kaputeniyo anali kumalire a Zambezi miyezi inayi osatumiza liwu. Ndipo ine, ndi Fomu Fili yanga yonse, sindinkadziwa kuti kwa anthu amenewa msilikali wakale akabwera m'mawa atavala mamendulo, envelopu ya boma kumanja, wabweretsa maliro. Akazi a ba Mulenga anatuluka m'nyumba, anangoyang'ana kamodzi, manja n'kupita kumutu. Kulira kwawo kunaimitsa ana osewera mumsewu. 

"Ni yaboza!" ndinakuwa. "Si ya ba Chanda! Si ya boma! Nalemba ni ine, kusukulu, kumuyofya chabe Dalitso!"

Ndinafotokoza kawiri, kachiwiri khutu langa lili m'dzanja la agogo. Ba Mulenga anatenga kalatayo, anapendeketsa chidindo padzuwa, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi. Kusekako kutatha misozi inapitirira, ndipo palibe anaiona ngati yachilendo.

"Musiye, Chirwa, khutu azamvelela chani?" Anandikhazika pampando. "Iwe kalaliki wa boma, pakuti uziba kulemba, tenga pepala."

Ndinalemba kalata yopita kwa kaputeni, iwo akunena ine ndikulemba: nkhuku zaswa, denga lasiya kudontha, ba Chirwa anabwera kudzacheza. Akazi awo anati ndiwonjezere kuti azivala juzi. Agogo anati ndimuuze asamayende patsogolo. Ba Mulenga anakana. "Iyayi. Ni kaputeni, bana ba bantu bali kumbuyo kwake. Lemba kuti ayende bwino." Anakangana pang'ono, ine n'kulemba zonse ziwiri.

"Na va amai bake kulila?" ndinafunsa.

"Ivo usalembe."

Pobwerera agogo anakwera kutsogolo kwa vaneti, ine kumbuyo ndi mbuzi, ndipo kunyumba lamba wa atate anamaliza nkhani. Kulapa ndiye sindinalape: Dalitso ankafunika mankhwala a matama ake, ndipo anachira. Koma ulendowu unandionetsa kuti kalata imodzi yomweyo atate anawerengamo dziko, agogo anawerengamo mdzukulu, ba Mulenga anawerengamo manda. Yanga yeniyeni idzabwera ndikamaliza Fomu Faifi. Ndidzapita, ndipo ndapangana kale ndi agogo: ndizidzalemba sabata iliyonse, ngakhale zikhale zabodza zokhazokha.