Mkamwini pansi pa pikapu

Mkamwini wanga ndi munthu wabwino, koma akaona chitsulo chokhala ndi matayala, nzeru zimamuthawa. Chaka china atagulitsa fodya anabwera ndi pikapu yakalekale, yotuwa ngati mano anga, ija yopanda kilatchi imene amati otomatiki. Akuti imasintha yokha magiya. Ine ndinati, "Akamwini, chinthu chodziganizira chokha n'choopsa. Tsiku lina chidzaganiza zokana." Anangoseka mwaulemu.

Chinakanadi. Tsiku lina pochoka ku Santhe galimotoyo inati kutsogolo ayi, koma kumbuyo. Inafika pakhomo chobwerera ngati nkhosa yokonzekera kugunda, mkamwini khosi litauma n'kucheuka. Amakaniko a paboma anati giyabokosi, yosintha magiya ija, yafa, ndipo anamupezera ina yochotsa m'galimoto yangozi. Yomanga anati amanga yekha, poti anaonera pafoni mmene amachitira. Ine wa sukulu yolekeza panjira ndikanatsutsa bwanji foni?

Kugalaja amakhala ndi dzenje la simenti loti munthu azigwiriramo ntchito kunsi kwa galimoto. Ife tinakumba lathu kuseri kwa chigafa, m'dothi lathu lamchengali, mvula itangosiya kumene. Nditaima n'kuona kutalika kwake ndi kupingasa kwake, ndinayang'ana kumbali. Chimene linafanana nacho sindinachitchule. Tinakankhira galimoto pamwamba pake, matayala mbali iyi ndi iyo.

Kutsitsa yakale sikunavute. Tinakhetsera oyilo wake m'chitini, wofiira ngati magazi a mbuzi yozinga kumene, tinamasula shafiti ndi mabawuti, n'kuitsetseretsa pathabwa. Chakufa chimatsika chokha. Ntchito inali kukweza inayo, chitsulo cholemera kuposa belo la fodya, choti chikalowe ndendende kumbuyo kwa injini.

Tsikulo pamudzi panali zii. Mwana wanga, mkazi wake, anali kumsika, ndipo anansi onse anali kumaliro kutsidya kwa dambo. Otsala anali mayi a kunyumba kwanga okha, akusankha fodya m'chigafa. Tsono kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Chikwatiwireni mwana wathu, awiriwa anali asanaimepo pafupi. Akakumana panjira wina amapatukira m'tchire, ndipo moni amapatsana atagwada patali, nkhope kumbali.

Mkamwini anagona chagada m'dzenjemo, miyendo kulozera potulukira. Giyabokosi inali pathabwa, thabwa pa jeke, iye akupukusa ndi dzanja limodzi, lina akuwongolera. Ine ndinagwada kunja, ndikusuzumira.

"Yatsala pang'ono, bambo. Kankhani kuchokera uko."

"Ndikankhe ndi chiyani, ndevu?"

Ndisanamalize kuseka ndinamva kaphokoso ngati munthu akuthira mchere m'thumba. Unali mchenga ukuyoyoka m'mbali mwa dzenje. Kenako gumu! Tayala lakutsogolo linamira, galimoto inapendekeka, jeke inathawa, chitsulo chija n'kutera pachifuwa pa mwana wa eni, galimoto itachitsamira pamwamba.

Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi ndili ndi mtima. Anangoti "hii", ngati mpira woboola.

Mmene ndinanyamulira mtanda wa bulugamu wotsala pomanga chigafa sindikudziwa, poti dzulo lake ndinkaulephera. Ndinaulowetsa kunsi kwa galimoto, n'kuutsamiritsa pachitsa, n'kugonera ndi mimba kumapeto kwake. Galimoto inakwera pang'ono, mwina zala zingapo. Ndinamva chitsulo chikugwera pambali, mkamwini atachikankha ndi bondo. Koma kutuluka osatuluka.

"Akamwini! Kwawani!"

Zii. Mchenga wokha ukuyoyoka. Chitsa nacho chinayamba kupendama pansi pa mtanda. Ndikasiya, galimoto imubwerera. Ndikapanda kusiya, womukoka palibe. Ndinakuwa mawu amene sindinawadziwe kuti ndi anga.

"Mayi! Thamangani kuno!"

Anabwera ndi tsamba la fodya m'manja. Ataona mapazi a mkamwini m'dzenje, anaima patali, n'kugwada, nkhope kumbali. Thupi linangochita zimene linazolowera.

"Mukokeni miyendo!"

"Ine? Akamwini?"

"Ayi, abusa! Kokani, mayi, mwana akufa!"

Mikono yanga inali itayamba kuvina. M'maso munkachita mdima, ndipo m'mutu munkangobwera nkhope ya mwana wanga akutsika njinga ndi tomato wake, ine n'kumuuza chiyani? Nanga abale ake a mnyamatayo ku Kaluluma, amene anatipatsa munthu wamoyo? Mtanda unalira, thee, ulusi wake ukuduka umodziumodzi pansi pa mimba yanga.

Mayi anataya fodya uja. Anatsetserekera m'dzenje ndi mawondo, nagwira m'mapazi mwa buluku, nakoka ndi mphamvu zonse za munthu wolima. Chimene chinatuluka ndi buluku lokha.

Nthawi ina ndikanaseka mpaka kugwa. Tsikulo ndinalira. Mayi analiponya uko bulukulo osaliyang'ana, nagwira akakolo enieniwo, khungu pakhungu.

"Bwera, mwana wanga! Bwera kwa amako!"

Anatuluka akukhwekhwerezeka, chifuwa chonse chili psuu. Mayi anakuwa kuti magazi, ndipo ine mphamvu zinandithera pomwepo. Mtanda unandiponya chagada, galimoto n'kukhala pansi, khuu, pamalo pomwe panali mutu wake.

Ndinakwawa kukafika pamene anagona. Mayi anali atamuika mutu pamiyendo pawo, akumupukuta ndi chitenje, kufunafuna bala. Bala panalibe. Ndinanunkhiza dzanja langa: oyilo uja, wotayika kuchokera m'chitini chimene tinasiya m'dzenje. Koma munthu sankapuma bwino. Mpweya unkalowa pang'onopang'ono ngati ukupempha chilolezo, milomo itachita phulusa. Tinakhala chomuyang'ana mpaka anatsegula maso. Ataona nkhope ili pamwamba pake, anayesa kutembenukira kumbali, ululu n'kumubweza.

"Pepani, amayi," anatero monong'ona.

"Khala chete, upume," anatero mayi, osachotsa dzanja.

Tinamutengera kuchipatala pangolo, atafunda chitenje cha apongozi ake. Njira yonse ng'ombe zikagunda bampu iye ankabuula, ine ndikuwerama kumvetsera ngati akupumabe. Adokotala anati nthiti zathyoka koma mapapo sanabooke, achira. Nditamva zimenezo ndinakhala pansi pakhonde pomwepo ngati mwana.

Giyabokosi anakaimanga amakaniko paboma, galimoto itakokedwa ndi thirakitala, ndipo ikuyenda mpaka lero. Dzenje ndinalikwirira ndekha mawa lake. Mkamwini atatuluka m'chipatala, phala lake ankamupatsira ndi apongozi akewo, m'manja, atakhala pamphasa imodzi. Akuluakulu ena anang'ung'udza kuti mwambo wathyoka. Mayi anawayankha kuti munthu amene unamukoka m'dothi ndi manja ako sungamuthawenso panjira.