Mmene ndinakhalira Sikolasitika

Mdzukulu wanga Tiyanjane wabwera kuchokera ku koleji ku Chipata, ndipo ali pakhonde kukalipira kompyuta. "Agogo, manambala angawa amayenda awiriawiri. Ndikufuna makinawa awawerenge imodziimodzi, koma akukana, ati sanagone mogundizana, pali mipata."

Ine kuseka, ine kuwomba m'manja! Makinawo ali ndi nzeru kuposa akatekisiti athu a ku Chipangali.

Ndili mtsikana, tsiku la Ulimbitso, loti Ambuye Bishopu akatidzoze mafuta n'kutipatsa maina a oyera, tinanyamuka awiriawiri, atsikana okhaokha, madiresi oyera mbee, miyendo ili phuliphuli ndi mafuta a nsatsi. Akatekisiti anali atalemba maina athu atsopano papepala motsata mzerewo. Langa linali Sesiliya, woyera wa nyimbo, losankha ndekha! Pa ulalo wa mtengo umodzi, awiriawiri aja tinasanduka mmodzimmodzi mpaka kutchalitchi. Akatekisiti kukuwa: "Wakumanja patsogolo, wakumanzere pambuyo, osasiya mpata!"

Koma masuku, mayo ine, masuku kununkhira kutsidyako! Ndinapatuka, ndinatola, n'kubwerera kudzalowa pena paliponse. Ndinkaganiza kuti Ambuye Bishopu maina amawamva kuchokera kumwamba.

Kumwamba kuti! Ankawamva kwa akatekisiti, omwe ankawerenga pepala osadzutsa mutu. Sesiliya wanga anapita kwa mtsikana woimba ngati chule. Ine chala cha mafuta cha Ambuye Bishopu pamphumi: "Sikolasitika."

"Nanga osadandaula bwanji, agogo?"

"Ndi masuku m'kamwa, mwanawe?"

Usawakalipire makinawo, Tiya. Akanakhalapo tsiku lija akanakana, bwenzi ine ndili ndi dzina lotheka kulemba. Mpaka lero ndimangodinda chala.